"Ndi mmene anabadwira": kodi khalidwe la munthu lipimidwa bwanji?

Amai ena anabwera ndi amuna awo kucipatala m'mawa wina. Abambowo, a zaka zoposa 50, anakhala pa benci ali phee, osadandaula kanthu. Amene anali ndi nkhani ndi akazi awo. "Adokotala, awa si amuna amene ndinakwatiwa nawo," anatero. "Zaka 25 sanatukwanepo munthu. Tsopano atukwana ana, aseka pamaliro, ndipo ndalama za renti anagulira mawailesi awiri tsiku limodzi." Acibale anali atakhala kale pansi. Ena anati abambowo ayamba kunyada, ena anati analodzedwa ndi anzawo a ku nchito.

Tibwereranso kwa abambowa. Coyamba timvetse cinthu cimene amaiwo anati catayika, ndico khalidwe. Akatswiri a za maganizo akanena za khalidwe la munthu, atanthauza njira yake ya kaganizidwe, kamvedwe ka mumtima ndi kacitidwe ka zinthu imene imamutsata kuli konse, kunyumba, ku nchito ndi kucalici, caka ndi caka. Kukwiya tsiku limodzi cifukwa magetsi apita si khalidwe ai.

Anthu akhala akufunsa kumene khalidwe licokera kuyambira kale. Asing'anga a ku Greece, Hippocrates ndi Galen amene anabwera pambuyo pake, anakhulupirira kuti m'thupi muli madzi a mitundu 4, ndipo amene acuruka ndiwo apangitsa munthu kukhala wansangala, waukali, wacisoni kapena wofatsa. Maganizo amenewa analakwika, koma anakhala zaka zoposa 1,000. Mu 1923 Sigmund Freud wa ku Vienna analemba kuti mwa munthu muli mbali 3 zolimbana: cilako-lako, nzeru yoona zimene zingatheke, ndi cikumbu-mtima cocokera kwa makolo. Anatiphunzitsa kusamala za ubwana wa munthu, koma zambiri zimene ananena n'zobvuta kuzitsimikiza, ndipo m'cipinda copimiramo odwala sizitithandiza kwenikweni.

Njira imene yapindula kwambiri inayamba ndi mau. Mu 1936 Gordon Allport ndi Henry Odbert a ku America anatenga dikishonale yaikuru ya Cingerezi ndi kusankhamo mau onse ofotokoza munthu. Anapeza pafupi-fupi 18,000. Ofufuza otsatira anafunsa anthu ambiri-mbiri, naona kuti mau ena ayendera pamodzi: amene anenedwa kuti ndi waudongo kawiri-kawiri anenedwanso kuti asunga nthawi ndi malonjezo. Pomaliza mauwo anagwera m'magulu 5, amene masiku ano achedwa Big Five. Pali kumasuka pa anthu, kumvana ndi ena, kusamala nchito, kutekeseka msanga ndi nkhawa, ndiponso kukonda zinthu zatsopano.

Cofunika apa n'cakuti magulu amenewa si mabokosi oikamo anthu. Ali ngati msinkhu. Alipo aatali kwambiri ndi aafupi kwambiri, koma ambiri a ife tiri pakati. Mwana wamanyazi amene abisala kuseri kwa citseko alendo akabwera sali wodwala. Ali cabe kumbali imodzi ya muyeso. Kumumenya kuti "acangamuke" kungomuonjezera mantha.

Nanga "ndi mmene anabadwira" n'zoona? Pang'ono. Kufufuza kwa mapasa, ngakhale oleredwa m'nyumba zosiyana, kwaonetsa kuti pafupi-fupi magawo 40 pa 100 a kusiyana kwa makhalidwe pakati pa anthu acokera ku magazi a makolo. Zotsalazo zicokera ku zimene munthu akumana nazo. Khalidwe lisinthanso ndi zaka, koma pang'ono-pang'ono ngati kukula kwa mtengo: ambiri akapitirira zaka 30 akhala ofatsirako ndi osamala nchito kuposa pa unyamata wao.

Tsono lipimidwa bwanji? Palibe magazi amene titenga, palibe X-ray yoonetsa ukali. Mu 1921 dokotala wa ku Switzerland, Hermann Rorschach, anatulutsa makadi 10 okhala ndi madontho a inki. Munthu afunsidwa cimene aona pa khadi liri lonse, ndipo wopima ayesa kumasulira mayankho. Akatswiri akali kutsutsana za njirayi mpaka lero. Njira ina ndi ya mafunso olembedwa. Yochuka kwambiri ndi MMPI, yotuluka mu 1943 ku Minnesota. Imene inakonzedwanso mu 1989 iri ndi mafunso 567 oyankha kuti "zoona" kapena "zonama". Mayankho a munthu ayerekezedwa ndi a gulu lalikuru limene linayankha kale.

Bvuto lagona pamenepo. Gulu loyamba loyerekezera linali la azungu a ku Minnesota, ambiri a iwo a m'mafamu ndi m'matauni ang'ono. Mafunso ena akhudza mizimu. Agogo a ku Chadiza amene anena kuti malemu amuna awo anawalankhula m'maloto akunena cinthu cimene mudzi wonse umvetsa, koma pa pepala lopangidwira anthu ena yankho lotere lingaoneke ngati cizindikiro ca misala. Onjezerani kuti mafunsowo ali m'Cingerezi, ndipo munthu wofuna nchito ayankha zimene aganiza kuti bwana afuna kumva. Za tumafunso twa pa foni tumene tuuza acinyamata kuti ali mtundu umodzi mwa mitundu 16 ya anthu, ndingoti sewerani nato, koma musasankhire nato mkazi kapena kosi. Ambiri akayankhanso patapita masabata ocepa apatsidwa mtundu wina.

Kuno kwathu kunacitika kufufuza kumene ndimakukonda. M'zaka za m'ma 1970 Robert Serpell wa pa University of Zambia anapita kumidzi ya m'boma la Katete. M'malo mofika ndi mapepala a mafunso okha, anafunsa akulu-akulu kuti pa ana amene awadziwa angatume uti pa nchito yakuti-yakuti, ndipo cifukwa ninji. Anapeza kuti kwa Acewa nzeru iri ndi mbali ziwiri: kucenjera, ndi kutumikira, ndiko kukhala mwana womvera ndi wodalirika. Wocenjera wosatumika sanali kuyesedwa wanzeru zenizeni. Akuluwo analibe fomu, koma anali ataona anawo kwa zaka zambiri pa nchito zeni-zeni.

Ndi mmenenso ticitira kucipatala. Ticeza ndi munthuyo, kenaka tipempha kuceza ndi wina amene amudziwa kuyambira kale, amai ake, mkazi wake kapena mbale wake. Tifunsa za kusukulu, za nchito zimene wagwira ndi cimene anacokerako, za mabwenzi, za mowa ndi camba. Alipo anthu amene khalidwe lao lakhala lobvutitsa iwo eni ndi anzao kuyambira unyamata, kuli konse kumene apita: maukwati kutha, nchito kutha, ndeu, kudzibvulaza. Ameneyu ndi matenda odziwika, ndipo m'buku la matenda la World Health Organization limene linayamba kugwira nchito mu 2022 agawidwa monga ocepa, apakati kapena aakuru. Thandizo lake makamaka ndi uphungu wa nthawi yaitali, osati jekeseni. Otere tiwatumiza kwa anamwino ndi ma clinical officer a za maganizo pa cipatala cacikuru, ndipo ena afika ku Chainama ku Lusaka.

Koma funso limene liposa onse ndi ili: kodi wakhala wotere nthawi zonse, kapena wasintha? Mu 1848 ku Vermont ku America, citsulo cinalasa kapitao wa njanji dzina lake Phineas Gage, kulowera patsaya ndi kutulukira pamwamba pa mutu. Anapulumuka, koma dokotala wake analemba kuti munthu wodalirika uja anasanduka wotukwana ndi wosaugwira mtima. Mbali ya kutsogolo ya ubongo ndiyo mabuleki a khalidwe. Ingaonongeke ndi ngozi ya pamseu, cindoko cokhalitsa, HIV yosamwera mankhwala, kacasu, cotupa ca m'mutu kapena matenda oiwala a ukalamba. Wacinyamata amene wayamba kudzitsekera m'nyumba, osasamba, kulankhula yekha, nayenso afunika kupimidwa msanga. Ambiri mwa matenda amenewa ali ndi mankhwala.

Amai aja nditawafunsa kuti zinayamba liti, anawerenga pa zala nati miyezi iwiri. Ndinafunsa ngati amuna awo anagwapo. Anakumbukira kuti miyezi 3 m'mbuyomo anagwa pa njinga nagunda mutu pa mwala, koma anadzuka okha ndipo m'mawa mwake anapita ku nchito. Kuyambira pamenepo mutu unali kuwawawa, iwo n'kumangomwa Panadol. Tinawatumiza ku cipatala cacikuru kukajambulidwa mutu, ndipo kunapezeka magazi amene anali kukha pang'ono-pang'ono ndi kupanikiza ubongo. Anawacita opareshoni yowacotsa. Pamene anabweranso kudzaonedwa, abambowo anali kucita manyazi ndi nkhani ya mawailesi, ndipo imodzi anali ataigulitsa kale.