MPWEYA WA MALASHA AUKWIRIRA PANSI PA NTHAKA

Cilala ca caka ca 2024 sicidzaiwalika msanga m'dziko lino la Zambia. Cimanga cinauma m'minda, madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo magetsi anali kuzima kwa maola ambiri tsiku lililonse. Pa nthawi yovutayo siteshoni ya magetsi ya ku Maamba m'boma la Sinazongwe, imene imatentha malasha, inathandiza dziko ndi mphamvu yake ya mamegawati 300. Siteshoniyi inayamba nchito m'caka ca 2016.

Koma akulu anati walira mvula walira matope. Malasha akapsa amatulutsa mpweya wosaoneka ndi maso wochedwa carbon dioxide. Mpweya umenewu ukaculuka mlengalenga umafunda dziko ngati bulangeti, kotero kuti kutentha kumakula ndipo mvula imasiya kugwa m'nthawi yake. Pa cifukwa ici akatswiri a maiko ena anapeza njira yogwira mpweyawu usanatuluke pa cumuni, ndi kuukwirira pansi pa nthaka.

M'MENE AMAUGWIRIRA

Utsi wocokera m'ng'anjo amaulowetsa m'cinsanja cacitali cimene mkati mwake mumatsika madzi a mankhwala ochedwa amine. Mankhwalawo amayamwa carbon dioxide, ndipo mpweya wotsala umapita kumwamba. Kenaka amatenthetsa mankhwalawo ndi nthunzi kufikira ataulavula mpweya uja. Makina amphamvu amaupanikiza mpaka ukhala ngati madzi, ndipo umayenda m'mapaipi kupita ku citsime cakuya.

Citsimeco ciyenera kupitirira mamita 800 kuya kwake. Pansi pamenepo pamakhala mwala wa timabowo tambirimbiri todzala madzi amcere, ndipo mpweya umalowa m'timabowomo monga madzi alowera mumcenga wa mumtsinje wouma. Pamwamba pake pamafunika mwala wina wolimba wosadutsa kanthu, wokhala ngati civundikiro ca mphika. Popanda mwala wotere malowo sayenera, pakuti mpweya ungathawe.

KUMENE ANAYAMBIRA

Dziko la Norway lakhala likusunga mpweyawu pansi pa nyanja pa malo ochedwa Sleipner kuyambira m'caka ca 1996, koma kumeneko umacokera ku migodi ya gasi. Siteshoni yaikulu ya malasha yoyamba kutsata njirayi ndi ya Boundary Dam, pafupi ndi tauni ya Estevan ku Canada, imene inayamba kugwira mpweya mu Okutobala 2014. Gawo lalikulu la mpweyawo amaligulitsa ku zitsime za mafuta za ku Weyburn, kumene amaupopera pansi kuti ukankhe mafuta otsalira. Wotsala amaukwirira m'citsime cakuya makilomita oposa atatu.

MTENGO WAKE NDI WOWAWA

Nchito ya ku Boundary Dam inadya madola a ku Canada oposa 1 biliyoni. Makinawo anawakonza kuti azigwira matani 1 miliyoni pa caka, koma m'zaka zake khumi zoyamba sanafikepo pa mlingo umenewu. Ndiponso makina ogwira mpweya amadya magetsi ambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai kapena asanu a mphamvu ya siteshoni. Ndiye kuti pamafunika malasha ambiri kuti anthu alandire magetsi omwe aja.

Ku America zinthu zinavuta koposa. Makina a Petra Nova a ku Texas, amene anatsegulidwa m'caka ca 2017, anaima m'caka ca 2020 pamene mtengo wa mafuta unagwa, pakuti ndalama zoyendetsera nchitoyo zinali kucokera ku mafuta. Anayambanso m'caka ca 2023. Siteshoni ya Kemper ku Mississippi inadya madola oposa 7 biliyoni, koma m'caka ca 2017 eni ake analeka za malasha nayamba kutentha gasi.

NANGA KUNO KWATHU?

Ku Maamba njira imeneyi sinayambe. M'caka ca 2024 nchito yomanga gawo laciwiri la siteshoniyo, la mamegawati enanso 300, inayambika, cifukwa dziko silingadalire madzi a Kariba okha. Kuti mpweya wa kumeneko udzakwiriridwe, pafunika coyamba kupima miyala ya pansi, ndipo caciwiri kupeza ndalama popanda kukweza mtengo wa magetsi kwa mwini cigayo ndi mlimi wothirira.

Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke sadzauona mpweya umenewu ndi maso, koma zotsatira zake amazipeza m'nkhokwe. Pamene maboma ndi akatswiri akuwerengera ndalama, mitengo ya m'nkhalango ikuyamwa mpweya womwewo tsiku ndi tsiku popanda malipiro. Mudzi umene uleka kudula mitengo mwacisawawa ndi kutentha chire ukucita kale mbali yake.