Kusanthula zolemba: phunziro limene mayeso a MSCE sapereka

M'mawa uliwonse, maminibasi ochokera ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23 amanyamula achinyamata opita kumakoleji a mumzinda wa Lilongwe, monga Kamuzu University of Health Sciences, Lilongwe Technical College ndi koleji yophunzitsa aphunzitsi ya ku Area 25. Onsewa anakhoza Chingerezi pamayeso a MSCE, koma ena amadabwa akalandira ntchito yawo yoyamba itafiira ndi cholembera cha mphunzitsi.

Vuto kawirikawiri silikhala galamala. Chimene chimawapunthwitsa n'chakuti phunziro lililonse lili ndi njira yakeyake yokhutiritsira wowerenga. Chimangirizo cha kusekondale chimayamikiridwa chikakhala ndi mawu okometsera, pomwe lipoti la kafukufuku limafuna umboni wooneka.

Mankhwala ake ndi luso la kusanthula zolemba. Wophunzira amapatsidwa nkhani yolembedwa ndi katswiri, osati kuti ayiloweze, koma kuti ayifunse mafunso anayi: walemba ndani, akulembera yani, akufuna wowerengayo achite chiyani, ndipo akudalira umboni wotani?

Lusoli ndi lakale. Zaka zoposa 2 300 zapitazo, Aristotle wa ku Greece anaphunzitsa kuti wolankhula amakopa anthu m'njira zitatu: kudalirika kwa iye mwini, kukhudza mitima ya omvera, ndi kulongosoka kwa mfundo zake. Amene anakhalapo pabwalo la mfumu kapena kumvera ankhoswe akuyanjanitsa banja amazidziwa kale zimenezi. Nkhoswe yaluso imadziwa mawu oyambira, nthawi yoponya mwambi ndi pamene iyenera kutchula mboni. Ntchito ya mphunzitsi ndi kuthandiza wophunzira kugwiritsa ntchito khutu lomwelo akamawerenga buku.

Chitsanzo chapafupi ndi mliri wa kolera umene unabuka m'dziko muno mu 2022, n'kuchititsa boma kuchedwetsa kutsegulira sukulu mumizinda ya Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023. Wophunzira unamwino akamalemba za wodwala, amandandalika zimene wodwalayo wanena, zimene zapezeka pomuyeza, ndi chithandizo chimene wapatsidwa, mwachidule ndi mwanthawi yake, chifukwa wowerenga wake ndi mnzake wobwera kudzamulandira ntchito usiku. Wophunzira za chilengedwe akafufuza madzi a m'zitsime za ku Mgona, ayenera kufotokoza zitsime zimene anatungamo, mmene anayezera ndi zimene anapeza, kuti wina akathe kubwereza kafukufukuyo. Wophunzira uphunzitsi, pokonzera ana a Sitandade 4 phunziro la ukhondo, amasankha mawu ochepa ndi zitsanzo za pakhomo. Nkhani ndi imodzi, koma zolembazo ndi zitatu. Amene angalembe zonse mofanana walephera ziwiri mwa izo, ngakhale Chingerezi chake chikhale chosalala.

M'buku lake la mu 1990 lotchedwa Genre Analysis, katswiri wa chinenero John Swales anasonyeza kuti mawu oyamba a malipoti ambiri a kafukufuku amayenda masitepe atatu. Wolemba amayamba n'kusonyeza kuti nkhaniyo ndi yofunika komanso zimene ena anapeza kale, kenako amaloza mpata umene anasiya, ndipo pomaliza amanena mmene iye autsekere. Wophunzira akapatsidwa malipoti awiri kapena atatu n'kulemba mzere pamene sitepe iliyonse yayambira, amazindikira kuti kalembedweko si matsenga. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu ang'onoang'ono nawo amanyamula katundu. Wasayansi akalemba kuti zotsatira zikusonyeza kuti mwina madzi ndiwo gwero la matenda, sakuchita mantha ayi. Akuyeza mawu ake molingana ndi kukula kwa umboni. Wophunzira amene amachotsa "mwina" kuti amveke wolimba mtima amanena zoposa zimene akudziwa. Chimodzimodzinso kutchula amene anayamba kunena mfundo: kumapatsa wowerenga mwayi wokatsimikiza yekha, ndipo kumateteza wolemba ku mlandu wa kuba nzeru za ena, umene m'masukulu aukachenjede umalepheretsa munthu mayeso.

Kufunika kwa lusoli kwakula tsopano pomwe makina monga ChatGPT amatha kulavula ndime zosalala m'kanthawi kochepa, nthawi zina motchula mabuku amene kulibe. Wophunzira wozolowera kufunsa za umboni amazigwira msanga zoterezi, monganso amagwirira mphekesera za mankhwala zofala pa WhatsApp.

Lusoli silifuna zipangizo zodula. Anzake atatu ogona nyumba imodzi ya lendi ku Area 25 angathe kutenga lipoti la kafukufuku, kapepala ka uthenga wa zaumoyo ndi nkhani ya m'nyuzipepala zokamba chinthu chimodzi, n'kuziyerekeza ndime ndi ndime. Banja limene likuvutika kusonkha fizi lingapindule kwambiri mwana wake akayamba zimenezi m'chaka choyamba, asanafike pa kafukufuku wa chaka chomaliza.