Mbande Zikayamba Kufota Mwini Wake Ali Kutali

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likafika poswa mtengo, nazale za mitengo zimakhala zitadzaza ndi mbande zodikira nyengo yobzala, yomwe ku Malawi imatsegulidwa pa 15 Disembala ndi kutsekedwa pa 15 Epulo. Koma matenda ndi maliro sizidikira nyengo. Mlimi amaitanidwa kukadwazika mbale wake kuchipatala, nasiyira mnansi mawu ochepa: “Muzindithiririrako mbandezi, ndibwera posachedwa.” Masiku atatu amasanduka milungu itatu. Tsiku lina m’mawa wothirira uja amapeza masamba a mapeyala ndi malalanje omezanitsa atazyolika, ena atachita chikasu.

Chimene ambiri amathamangira ndi kuwonjezera madzi. Apa m’pamene mbande zambiri zimafera, pakuti mbande yomira m’madzi imafota mofanana ndi mbande ya ludzu. Mizu imapuma. Dothi la m’chubu kapena m’chidebe likakhala lonyowa usana ndi usiku, mpweya umasowa malo, mizu imayamba kuwola ndipo imaleka kukoka madzi ngakhale ili m’kati mwa madziwo. Tizilombo toyambitsa kuwola kwa mizu timakondanso dothi lotere, ndipo mapeyala, malalanje ndi mapapaya ndi ena mwa mitengo yosachedwa kugonja. Munthu wa mtima wabwino, woopa kunenedwa kuti anachita ulesi, amathirira katatu patsiku, kupha mbewu ndi khama lake lomwe.

Choncho asanagwire kheni, wothirira apise chala m’dothi mpaka chifike pa mfundo yachiwiri. Anyamulenso chubucho kuti amve kulemera kwake. Ngati dothi ndi lonyowa, chubu n’cholemera, ndipo pansi pake pakumveka fungo la chithaphwi, madzi achuluka. Aleke kuthirira kwa masiku angapo, aboole mabowo pansi ngati palibe kapena ngati atsekeka, ndipo achotse mbale iliyonse imene ikusunga madzi kunsi kwa chidebe. Akasolola mbande imodzi mosamala adzaona yekha: mizu yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba, yowola imakhala yoderako ndi yofewa, khungu lake limavuka ndi zala.

Ngati chubu chapepuka ndipo dothi lauma mpaka kusiyana ndi m’mbali mwa chidebe, vuto ndi ludzu, koma nalonso lili ndi msampha wake. Madzi othiridwa pamwamba pa dothi louma gwaa amadutsa m’mbali n’kutulukira pansi, mizu osalawako. Wothirira amaona madzi akutuluka, naganiza kuti ntchito yatha. Njira yabwino ndi kuimika chubucho m’beseni la madzi kwa theka la ola kuti dothi limwe kuchokera pansi, kenako n’kuchiika pamthunzi. Machubu akuda amatentha kwambiri padzuwa, makamaka ku Chikwawa ndi Nsanje kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chisakasa cha udzu chimathandiza kuposa ndowa ina ya madzi. Kumadera omwewo mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Zoyera zoundana pamwamba pa dothi ndi kupsa kwa nsonga za masamba ndicho chizindikiro chake.

Mbande imene imafota masana n’kudzuka madzulo kawirikawiri sikhala ikudwala ayi. Imeneyo ingosiyidwa.

Feteleza asayandikire mbande yofooka. Mizu yovulala siingathe kumugwiritsa ntchito, ndipo amangoitentha. Nako kusamutsira mbande m’dothi lina kapena kudula nthambi zambiri ndi ntchito yoyenera kudikira mwini wake, pokhapokha ngati mizu ikuwoleratu ndipo palibe njira yomupezera.

Funso lovuta limabwera masamba onse akayoyoka: kodi yafa? Wothirira akande pang’ono khungwa ndi chikhadabo. Pansi pake pakakhala pobiriwira ndi ponyowa, mtengowo uli moyo ndipo ukhoza kuphukanso. Pa mitengo yomezanitsa akande kawiri, pamwamba ndi pansi pa chilonda cholumikizira. Nthawi zina nthambi yomezanitsidwa imafa koma tsinde la pansi n’kuphuka. Mphukira zimenezo sizidzabala zipatso za mtundu umene mwini anafuna, komabe tsindelo lisatayidwe, chifukwa angathe kumezanitsaponso.

Nkhani yaikulu, imene imadanitsa anansi, siikhala ya madzi koma ya kubisa. Ena amazula mbande zakufa n’kutaya machubu kudzala kuti zisaoneke. Ena amagula mbande pamsika n’kuika m’malo mwake mwakachetechete, ndipo mwini amadzazindikira patapita zaka, mango akabala ena osati amene anamezanitsa. Manyazi otere ndi aja anaphetsa mbewa kudzenje. Lero lamya ili pafupifupi m’mudzi uliwonse, ndipo uthenga kapena chithunzi chotumizidwa tsiku loyamba chimapatsa mwini mpata wonena zimene iye yekha akudziwa: kuti mzere wakutiwakuti unali wodwala kale, kapena kuti mapeyala amawathirira kamodzi pamasiku awiri. Mbande zakufa zisungidwe pambali m’machubu ake, kutali ndi zamoyo kuopa kufalitsa matenda, kuti mwini adzaone mizu ndi maso ake.

Mwini mbande nayenso ali ndi mbali yake, ndipo apa alangizi ndi makomiti a nazale angathandize. Kunena kuti “muzithirira” sikukwanira. Asanachoke awerengere limodzi machubu ndi womusiyirayo, amusonyeze muyeso wa madzi pa mzere uliwonse, amuuze zodwala kale, ndipo agwirizane za sopo kapena mbande zingapo zothokozera, popeza kutunga madzi mu Okutobala ndi ntchito yolemetsa imene kawirikawiri imagwera amayi ndi ana. Kumene kuli gulu la nazale, kabuku kolembamo tsiku, dzina la wothirira ndi chiwerengero cha mbande zofota kazikhala pachisakasa pomwepo, m’pepala la pulasitiki kuti kasanyowe.