Sowo Yakale Siifa ndi Ukalamba

Mvula ikatha, chimanga chitalowa m'nkhokwe, ku Chiparamba ndi m'midzi ina yozungulira Chipata kumayamba kumveka kulira kwa sowo ya injini. Ino ndiyo nyengo yomanga: wina afuna matabwa a chitseko, wina mitengo ya denga. Kwa mwini sowoyo, kulira kumeneku ndiko fizi ya ana ndiponso feteleza wa chaka chamawa. Tsiku limene sowo ikana kulira, nkhawa imalowa m'nyumba. Kodi aitaye? Nanga yatsopano aigula ndi chiyani?

Masowo amenewa anachokera kutali. Ku Germany, Andreas Stihl anapanga sowo yoyendera magetsi mu 1926, ndipo ya petulo inatsatira mu 1929. Kampani ya Husqvarna ya ku Sweden inayamba kupanga masowo ake mu 1959. Sowo imene ocheka matabwa ambiri a mu Africa amaidziwa, Stihl 070, inatuluka mu 1968. Ndi yolemera ndiponso yaphokoso, koma mapangidwe ake ndi osavuta, kotero kuti munthu wodekha angathe kuimasula yonse pamphasa ndi kuimanganso.

Chinsinsi cha injini imeneyi n'chakuti ilibe mosungira oyilo monga injini ya galimoto. Oyilo wofewetsa pisitoni ndi mabeling'i amalowa pamodzi ndi petulo. Pa oyilo wabwino wa masiku ano wa two-stroke, muyeso ndi gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza mamililita 100 pa malita 5. Masowo akale ndi oyilo wamba amafuna gawo limodzi pa magawo 25, ndiye kuti mamililita 200. Apa ndipo ambiri amaphera sowo yawo. Pofuna kupulumutsa makwacha ochepa, amachepetsa oyilo kapena kuthira oyilo wakuda wotsala m'galimoto. Pisitoni imatentha, nikanda khoma la silinda, ndipo mphamvu yonse imathawira m'mikwingwirima imeneyo.

Makaniki wodziwa ntchito sathamangira kumasula injini, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayamba wafunsa zinthu zitatu: kodi moto ulipo, mafuta akufika, nanga injini ikupanikiza mpweya? Amachotsa pulagi ndi kuona ngati ikuthetheka. Mpata wa kukamwa kwake uyenera kukhala theka la milimita. Amatsuka sefa ya mpweya, imene utuchi ndi fumbi la mwezi wa Okutobala zimaitseka msanga. Amatsegula kabureta, chifukwa timapepala ta mphira ta m'kati mwake timauma sowo ikakhalitsa ndi petulo wakale. Kenaka amachotsa ekizozi ndi kusuzumira pabowo: pisitoni yosalala ndi yamoyo, koma ya mizere yakuya yatha ntchito.

Ikatero, m'pamene kumanganso kumayamba. Amaika pisitoni ndi maring'i atsopano, ndipo silinda ikakhala yokandika kwambiri amaisinthanso. Koma pali cholakwa chimene chimabwezera anthu ambiri kwa makaniki patangopita masabata ochepa: kuiwala timphira totseka mbali ziwiri za kirankishafuti. Timeneti tikatha, mpweya umalowa mozemba, mafuta amachepa m'injini, ndipo pisitoni yatsopanoyo imapsa monga inapsera yakale. Wochiza chilonda osachotsa munga amangotaya mankhwala.

Sowo ikadzuka, mwini wake ali ndi udindo wina. Lamulo la nkhalango la Zambia la mu 2015 limafuna kuti wodula mitengo ya malonda akhale ndi chilolezo cha Dipatimenti ya Nkhalango. Tisaiwale kuti mtengo wa mukula unadulidwa mopanda chifundo mpaka boma linaletsa malonda ake mu 2017. Mlombwa umene sowo imagwetsa m'mphindi zochepa unatenga zaka makumimakumi kuti ukule, ndipo amene aucheka lero ayenera kuganizira zidzukulu zimene zidzafunenso chitseko.

Tsono inu a bambo amene sowo yanu yagona kuseri kwa chitseko, musafulumire kuigulitsa ngati chitsulo chakutha. Itengereni kwa wodziwa, ndipo ikachira muziyeza oyilo ndi botolo la muyeso, osati ndi maso. Muzinola tcheni, muzitsuka sefa madzulo alionse, ndipo pokaisunga nthawi ya dzinja muzikhuthula petulo yense. Wakutsina khutu ndi mnansi.