Amalume Anga ndi Mawotchi Amene Anakwera Ndege

Kwa zaka zambiri amalume anga, amene amakonza mawotchi pakhonde la sitolo ina ku Limbe, anali ndi lamulo limodzi losakambirana: mawotchi awiri akasiyana nthawi, ina ikunama. Yonamayo ankaitsegula, kuiuzira fumbi, kuisintha batire, ndipo ikapitiriza mwano ankaizula tizitsulo tabwino n'kuponya zotsalazo m'chitini cha kunsi kwa tebulo. Nthawi yoona inali ya pa wailesi basi. M'mawa uliwonse nkhani zisanayambe ankatchera wotchi yawo ya pamkono, ndipo mawotchi ena onse a patebulopo ankayenera kugonjera imeneyo. Munthu wochedwa sankamumvera chisoni. Ngakhale pamaliro ankasuzumira pamkono mlaliki akatalikitsa.

Eni akewo sankadziwa, koma anali mumpingo wa Isaac Newton, amene mu 1687 analemba kuti nthawi imayenda payokha, mofanana paliponse, popanda choifulumizitsa kapena kuichedwetsa. Maganizo amenewa analamulira sayansi zaka zoposa 200, ndiye amalume sitingawanene kuti anali mbuli.

Ine nditabwera kutchuthi, fizikisi wa ku koleji akundiyabwa pakamwa, ndinawauza kuti Albert Einstein anasonyeza mu 1905 kuti wotchi imene ili paulendo imatsalira poiyerekeza ndi imene yatsala, ndipo pambuyo pake anawonjeza kuti wotchi ya pamwamba imathamanga kuposa ya kunsi. Sanadzutse n'komwe mutu. Kagalasi kali padiso, anangofunsa kuti, "Mphwanga, Einstein wakoyo anatsegulapo wotchi?"

Ndinayankha kuti nthawi imeneyo ankagwira ntchito mu ofesi yowunika zipangizo zotulukira kumene ku Bern, m'dziko la Switzerland.

"Ndiye kalaliki. Kalaliki sangandiuze za wotchi."

Ndinatola katoni n'kuyamba kujambula. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo chozunguza mutu n'chakuti aliyense woyeza amapeza liwiro lomwelo, kaya waima, kaya akuthamangira komwe kuwalako kukuchokera, kaya akuthawa. Tsono tiyerekeze wotchi ya magalasi awiri, lina pansi lina pamwamba, kuwala kukudumphadumpha pakati pawo. Kukagunda galasi, wotchi yati tiki. Tiikweze basi. Wokhala m'basimo akuona kuwala kukukwera ndi kutsika molunjika. Woima pasiteji akuona zina: pamene kuwala kukukwera, galasi la pamwamba lasunthira kale kutsogolo, choncho kuwalako kukuyenda chopendeka, njira yotalikirapo. Njira yatalika koma liwiro silinasinthe, ndiye kwa woima pasitejiyo wotchi ya m'basi ikuchedwa kugunda. Si wotchi yokha ayi. Mtima wa wokwerayo, nsima imene ikugayika m'mimba mwake, imvi zimene zikumera, zonse zikuchedwa limodzi, n'chifukwa chake mwini wake sakumva kanthu.

"Zapakatoni ngakhale ine ndingajambule," anatero amalume. "Undionetse wotchi."

Ananena zoona, ndipo ndimaona kuti aphunzitsi ambiri amalakwitsa poyambira pa masamu pamene nkhani yokoma ya mawotchi enieni ilipo. Mu Okutobala 1971, Joseph Hafele ndi Richard Keating ananyamula mawotchi anayi a atomiki, aja amawerenga sekondi ndi kunjenjemera kwa atomu ya caesium, ka 9,192,631,770 pa sekondi iliyonse, n'kuwalipirira mipando m'ndege wamba za apaulendo. Anazungulira nawo dziko lonse kulowera kum'mawa. Pobwerako anawayerekeza ndi anzawo amene anatsala ku US Naval Observatory ku Washington, ndipo oyendawo anali atatsalira ndi mananosekondi 59. Nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi, kanthawi kamene kuwala kumayenda masentimita 30 okha, utali wa rula ya kusukulu.

Amalume anaseka mpaka kagalasi kugwera patebulo. "Ndege imagwedezeka, mphwanga, ndipo kumwamba kumazizira. Mawotchi a madalaivala a malole ndawakonza ambiri. Wotchi ukaigwedeza imatsalira, palibe chachilendo."

"Anawakwezanso, amalume. Ulendo wachiwiri analowera kumadzulo. Anabwerako atatsogola ndi mananosekondi 273."

"Omwewo?"

"Omwewo."

"Onse anayi?"

"Onse anayi."

Anaika kachitsulo komasulira pansi. Kasitomala wina anaima pomwepo wotchi ili m'manja, sanamuone. Patapita kanthawi ananena okha, osauzidwa ndi munthu: "Kugwedezeka sikudziwa kum'mawa ndi kumadzulo."

Zotsalazo zinalowa ngati mmene anthu amalowera m'nyumba chitseko chikatseguka. Dziko limazungulira kulowera kum'mawa, ndiye wotchi imene tikuti yakhala pansi nayonso ili paulendo. Ndege yopita kum'mawa imawonjezera liwiro lake pa liwiro la dziko, wotchi yake n'kutsalira. Yopita kumadzulo imachotserapo, wotchi yake n'kutsogola. Komanso kukwera m'mwamba, kutali ndi mphamvu yokoka ya dziko, kumathamangitsa wotchi pa maulendo onse awiri. Masamu a Einstein, atawapatsa liwiro ndi kutalika kwa ndegezo, ankati kum'mawa mawotchi atsalira ndi mananosekondi pafupifupi 40, kumadzulo atsogola ndi 275. Amalume anandilanda katoni ija n'kulemba 275 pamwamba, 273 pansi, kenako anaomba m'manja. "Kalaliki ameneyu! Mawotchi awiri kusiyana nthawi, onse awiri n'kukhala olondola!"

Amalume amene mungawapeze pakhonde paja lero ndi ena. Mukapita kukasintha lamba wa wotchi, konzekani kuchedwa, ndipo wokuchedwetsaniyo ndi munthu uja sankakhululukira mphindi ziwiri.

Amayamba ndi kukutambasulitsani dzanja. Amati pa sekondi iliyonse pachikhatho panu pakudutsa pafupifupi kanthu kamodzi kosaoneka kotchedwa muon. Tinthu timeneti timabadwira mumlengalenga, makilomita pafupifupi 15 pamwamba pathu, cheza chochokera kuthambo chikagunda mpweya. Moyo wake ndi waufupi zedi, mamaikulosekondi 2.2, kutanthauza magawo awiri ndi kachidutswa mwa magawo 1,000,000 a sekondi. Pa nthawi imeneyi, ngakhale titathamanga ngati kuwala, tingangoyenda mamita 660 n'kufa. Koma timafika pansi tambirimbiri, chifukwa pa liwiro lotere nthawi yake imayenda pang'onopang'ono poiyerekeza ndi yathu. Bruno Rossi ndi David Hall anaziyeza zimenezi kumapiri a Colorado, n'kuzilengeza mu 1941. "Mwamva kuyabwa?" amafunsa amalume, kasitomala akuyang'ana dzanja lake mwamantha. Kuyabwako n'kowonjezera kwawo, muon samveka.

Foni, imene kale ankaitcha wotchi ya aulesi, tsopano amaiwerengera ulemu chifukwa cha GPS. Masetilaiti ake amazungulira pa makilomita 20,200 pamwamba pa dziko, pa liwiro la makilomita pafupifupi 14,000 pa ola. Liwirolo limachedwetsa mawotchi awo ndi mamaikulosekondi 7 pa tsiku, kutalikirako kumawathamangitsa ndi 45, ndiye tikachotsera amatsogola ndi 38. N'zochepa pomva, koma foni imadziwa pamene mwaima powerengera nthawi imene uthenga watenga kuchokera kumwambako, ndipo akatswiri amati kusiyana kumeneku kutalekereredwa, kulakwitsa kungamakule ndi makilomita pafupifupi 10 tsiku lililonse. Chimene chimawatsekemera amalume monga mmisiri ndi mankhwala ake: mawotchiwa amawachedwetseratu dala asananyamuke, kuti akalondole akafika. Amati iwo atabwezera kasitomala wotchi yochedwa n'kumuuza kuti ikalondola akakwera phiri, angawaitanire apolisi.

Atamva kuti mu 2010 akatswiri a bungwe la NIST ku Boulder anakweza wotchi ya atomiki ndi masentimita 33 okha n'kuona ikuthamangirako, nkhani inafika mpaka kunyumba. Anatenga pensulo n'kupeza kuti munthu atati akhale chaka chathunthu pa Sapitwa, nsonga ya Mulanje ya mamita 3,002, angakalambe ndi mamaikulosekondi pafupifupi 10 kuposa mnzake wa ku Nsanje. Madzulo ake anauza akazi awo kuti asiya bedi, azigona pamkeka kuti asakalambe msanga. Mayiwo anangoti, "Ngati n'choncho, bambo, mukagone m'chitsime."

Koma musaganize kuti mutu wawasokonekera pantchito. Mnyamata wina wa kabaza, amene anamvapo maulaliki amenewa kangapo, anabwera ndi wotchi yotsalira mphindi zisanu pa tsiku. Ankafuna kuzemba ndalama ya batire.

"Madala, si Einstein ameneyu? Inetu ndimakhalira kuthamanga tsiku lonse."

Amalume anasangalala ngati apatsidwa mphatso. Anakoka katoni, n'kufotokoza kuti pofuna kuti nthawi ichedwe ndi theka munthu ayenera kuthamanga pa 87 peresenti ya liwiro la kuwala, koma mphindi zisanu pa tsiku n'zotchipa. Anawerengera, kufufuta, kuwerengeranso, anthu odikira minibasi ayamba kuunjikana.

"Achimwene, njinga yanu imathamanga makilomita 25,000 pa sekondi?"

"Ayi, madala."

"Ngakhale potsetsereka?"

"Ngakhale potsetsereka."

"Ndiye ndi batire. Bweretsani kuno."