Nkhata Bay, Kwawo kwa Malipenga

Munthu akamatsetsereka mapiri kuchokera ku Mzuzu, amayamba kumva kutentha asanaione nyanja. Kumeneko ndiye ku Nkhata Bay, dziko la Atonga. Mvula imagwa yambiri, ndipo kumakhala kobiriwira ngakhale m'chilimwe. Ku Kawalazi kuli minda ya tiyi, ku Vizara kuli mitengo ya labala imene amaicheka khungwa kuti utomoni uzidonthera m'tizikho. Chakudya chenicheni cha kuno ndi kondowole, nsima ya chinangwa choviika, ndiwo zake usipa kapena batala. Sitima ya Ilala ikakocheza padoko, m'tauni monse mumadzaza anthu ndi mitolo.

Sukulu inafika msanga kuno. Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche. Atonga anaikonda sukulu kotero kuti ambiri anakakhala makalaliki ndi akapitawo ku Halale ndi ku Joni.

Koma chimene mlendo saiwala ndi malipenga. Guleyu anabadwa itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna obwera kunkhondo anayamba kutsanzira perete wa asilikali. Malipenga achitsulo analibe, choncho anatenga zikho, nazibowola, namatapo kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude. Munthu akaimbira m'chikhomo, mawu amatuluka onjenjemera. Gulu lililonse amalitcha boma, ndipo lili ndi Kingi wake, akapitawo, ngakhalenso dokotala. Ovina amavala zoyera zositasita, makabudula ndi sokosi zazitali, ndipo amaponda modekha, monyadira, osati mwaphuma.

Kukongola kumeneku sikubwera tsiku limodzi. Anthu akakolola, boma limasonkhana madzulo kukonzekera mpikisano, ndipo mphunzitsi aliyense wa kusukulu akanayenera kukhala pambali n'kumaonerera. Mnyamata akaphonya sitepe, wezulo imalira nthawi yomweyo, ng'oma n'kukhala chete. Wotsogolera sanena kuti, "Iwe sutha kuvina." Amatchula chimene chalakwika: "Mwendo wamanzere wachedwa," kapena, "Mutu uli pansi, dzutsa." Kenaka amavina yekha sitepeyo kuti mnyamatayo aone ndi maso, ng'oma n'kuyambanso pomwepo. Akakhoza, anzake amamuuza iye asanapume n'komwe. Wolakwa sachita manyazi kwambiri, pakuti aliyense pamzerepo inamulirirapo wezulo, ndipo onse akudziwa kuti mwendo umodzi wochedwa ungagwetse boma lonse.

Nanga m'kalasi? Mwana amalemba chimangirizo lero, kope n'kubwera patapita milungu iwiri, muli chizindikiro chofiira ndi malikisi 3 pa 10 basi. Zimene analemba waiwala, pamene analakwa sakupadziwa, ndipo mwayi wolembanso palibe chifukwa anzake ali kale pamutu wina. Zimenezi zimandiwawa mtima. N'zoona kuti mphunzitsi wa ana ochuluka m'chipinda chimodzi sangaime pa aliyense, koma kutchula cholakwa chimodzi, kuonetsa kakonzedwe kake pabolodi, ndi kulola ana kuyesanso tsiku lomwelo, n'kotheka.

Tsiku la mpikisano wa malipenga likafika, boma loitanidwa limabwera ndi ng'oma zake, ena pansi, ena pabwato, ndipo eni mudzi amaphika nsima yokwanira alendo onse. Magulu amalowa m'bwalo mosinthana. Oweruza enieni ndi anthu oonerera: kumene kwavinidwa bwino ndiko kumathamangira khamu, amayi akuimba nthungululu ndi kupukuta thukuta ovina ndi mipango. Boma limene lachepekedwa limaona lokha kuti anthu achoka pa nyimbo iti, ndipo pobwerera kwawo nkhani imakhala ya sitepe imeneyo, ndi tsiku loti adzaitane anzawowo kuti adzabwezere.