Amisiri Omvetsera Hard Disk

Ndinapeza bambo okonza makompyuta atatsinzina, khutu ataligunditsa pa kachitsulo kamakona anayi, kokula ngati paketi ya ndudu koma kopyapyala. Shopu yawo ili kuseri kwa sitolo ya nsalu ku Limbe, ndipo ndi yaing'ono moti anthu atatu akalowa, wachinayi amaima pakhomo. Panja maminibasi ankaliza mahutala, iwo n'kungondikwezera chala kuti ndiyambe ndakhala chete. Analumikiza nthambo. Kachitsuloko kanang'ung'uza pang'ono, kenako kanati kete, kete, kete, n'kukhala zii. Anasolola nthamboyo msanga ngati agwira khala la moto.

Mtsikana yemwe anabwera nako anali chiimire, laputopu ataikumbatira pachifuwa. M'kachitsuloko munali kafukufuku wake wa chaka chomaliza kuyunivesite ndi zithunzi za malemu mayi ake.

"Achimwene, tayesaninso kamodzi kokha."

"Ayi achemwali. Tikayesanso, tikhala tikufufuta ndi manja athu zomwe mwadzerazo."

Yankho limenelo ndi lomwe linandichititsa kubwererako masiku otsatira. Amisiri ambiri timawadziwa ndi zimene manja awo amachita. Awa ndinawadziwa ndi chimene anakana kuchita.

Atandionetsa hard disk ina yakufa kale yomwe anaitsegula kuti aziphunzitsira anyamata, ndinamvetsa mantha awo. Mkati muli kambale konyezimira ngati kalilole, ndipo pamwamba pake pali kamkono konga ka galamafoni ya agogo. Kusiyana kwake n'kwakuti singano ya galamafoni imakhudza mbale, pomwe kamutu ka hard disk sikayenera kukhudza n'komwe. Kamayandama pa mpweya, pa mpata wochepa kwambiri moti kanjere ka fumbi ndi phiri kwa iko. M'malaputopu ambiri mbaleyo imazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, kutanthauza maulendo 90 pa sekondi. Laputopu ikagwa ili yoyaka, kamutuko kamamenya mbale n'kukanda utoto wa maginito momwe mumakhala mafayilo. Phokoso la kete, kete lija ndi kamkono kakufunafuna poyambira, kakulephera, kakubwerera. Munthu akamaiyatsabe, nthawi zina mzere wokandikawo umakulirakulira, ndipo zomwe zasanduka fumbi palibe amene angazibweze.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku m'shopu zotere ndi yodziwika: kusintha sikirini yosweka, kiyibodi yothiridwa tiyi, batire, chaja, ndi kuikamo Windows. Zimenezo ndiye zimalipira lendi. Kupulumutsa mafayilo ndi nkhani ina, ndipo amisiri onse omwe ndinacheza nawo amainena ndi kunyada kosakanikirana ndi kudandaula.

Ma hard disk ambiri amene amabwera, iwo anati, sakhala owonongeka thupi. Chimasokonekera ndi kaundula. Windows imasunga mndandanda wa dzina la fayilo iliyonse ndi malo pomwe ili, ndipo magetsi akazima kompyuta ili mkati molemba, kapena wina akasolola diski mwaphuma, mndandandawo umatha kuonongeka. Kompyuta imayamba kunena kuti diskiyo ilibe kanthu, muifomate. Komatu mafayilo amakhala alipo, monga mmene matumba a chimanga amakhalirabe m'nyumba yosungiramo katundu ngakhale buku la kalaliki litanyowa. Apa amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga TestDisk ndi PhotoRec, omwe analemba Christophe Grenier wa ku France n'kuwapereka kwaulere. PhotoRec salabadira za kaundula; amayenda m'diski yonse kuzindikira chithunzi kapena kalata ndi zizindikiro za kumayambiriro kwake. Amabweza mafayilo zikwizikwi, koma opanda maina awo, ongokhala manambala. Mwini wake amayenera kukhala pansi n'kumatsegula imodziimodzi.

"Vuto si diski, vuto ndi njira yomwe yayenda isanafike pano," anatero mmisiri wina wa ku Lilongwe, yemwe ali ndi tebulo lake m'chipinda chogawana ndi okonza mafoni. "Imayamba kwa mphwake wodziwa makompyuta. Kenako kwa mnzake wa kuntchito. Winayo amafomata, amaikamo Windows yatsopano pamwamba pa zonse, amaikamonso mafilimu. Akabwera kwa ine amati, 'Bwana, sitinaigwire.'" Mayi wina amene waigwira ntchitoyi kwa zaka zambiri anandiuza kuti analandirapo diski yozizira, ikuchita kudontha madzi, chifukwa mwini wake anamva kuti kuiika mufiriji kumathandiza. Mnyamata wophunzira ntchito anawonjezera kuti funso loyamba lomwe anamuphunzitsa kufunsa kasitomala ndi lakuti, "Mwachitapo chiyani chiyambire vutoli?" ndipo anamuuza kuti azifunsa kawiri, mofatsa, chifukwa anthu amachita manyazi kuulula.

Lamulo lomwe amisiri osamala amagwirizana ndi limodzi: diski yodwala siikonzedwa, imakopedwa kaye. Amatenga ina yabwino n'kusamutsirako kachigawo kalikonse, ndipo kufufuza konse kumachitikira pa kope. Chida chomwe bambo a ku Limbe aja amadalira ndi ddrescue, pulogalamu ya Antonio Diaz Diaz yoyenda pa Linux. Nzeru yake ndi ya munthu wokolola mvula ikubwera: imayamba yatenga zonse zosavuta, malo ovuta imawadumpha n'kuwalemba, kenako imabwerera kudzawanyengerera pang'onopang'ono. Imasunganso kafayilo kosonyeza pomwe yafika, moti magetsi akazima imadzapitiriza pomwe inasiyira. Kwa mmisiri wa kuno, kafayilo kameneko ndi kamtengo wapatali. Diski ya 500 GB yokhala ndi malo ambiri owonongeka imatha kudya masiku angapo, usana ndi usiku.

Ndipo apa ndi pomwe pagona chisoni cha ntchitoyi. Masiku amenewo kasitomala sawaona. Kalipentala akapanga mpando, thukuta lake limaoneka pa thabwa. Telala amakupatsa chovala chogwirika. Mmisiri wa diski amakhala pambali pa kompyuta yomwe yatsekereza ntchito zina zonse, akuyang'anira manambala, akugula mayunitsi a magetsi, nthawi zina akuthira petulo mu jenereta ya mnzake kuti diski isazime pakati pa ntchito, pakuti diski yofooka ikazima imatha kusadzukanso. Pamapeto pake amapereka fulashi kapena diski yomwe imaoneka chimodzimodzi ndi mmene inalili.

"Amati, 'Mwangokopa basi, ndalama zonsezo n'zachiyani?'" anatero bambowo. "Tsiku lobwera amalira, amati tchulani mtengo uliwonse. Tsiku lotenga amanenerera ngati akugula tomato." Wa ku Lilongwe uja anati analeka kutchula mtengo asanaone diski, ndipo analekanso kupereka mafayilo onse asanalandire ndalama, amaonetsa pa sikirini kuti zilipo, kenako amadikira. Mayi aja amachita mosiyana: akalephera salipiritsa kanthu, ngakhale atataya sabata. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati munthu amene wataya zithunzi za ukwati wake sungamuuzenso kuti alipire.

Ine ndikuona kuti amisiriwa timawalakwira. Timayerekeza mtengo wa ntchito yawo ndi mtengo wa diski yatsopano, pomwe chomwe atibwezera si diski. Ndi mabuku a ndalama a kagulu ka banki m'khonde, mayeso omwe mphunzitsi wakhala akulemba zaka khumi, mapulani a nyumba, nyimbo za kwaya zomwe sizinatuluke. Komanso zipangizo zawo zonse n'zochokera kunja. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, diski yokoperapo, nthambo ndi zida zina zinakwera mtengo nthawi yomweyo, koma kasitomala anabwerabe ndi mtengo wa chaka chatha m'mutu.

Pali malire omwe shopu ya ku Limbe siingadutse, ndipo eni ake amawadziwa. Kusintha kamutu kowonongeka kumafuna malo osefedwa mpweya, opanda fumbi, komanso diski ina yofanana ndendende yochotsako ziwalo. Kumafunanso zida ngati PC-3000 ya kampani ya ACE Lab, yomwe imalankhula ndi pulogalamu ya mkati mwa diski momwe. Bambowo amaitchula mmene mlimi wa khasu amatchulira thirakitala. Anandifotokozera, maso akuwala, za hard disk ya Seagate yomwe inali m'chombo cha Columbia chimene chinasweka mumlengalenga mu 2003. Inapezeka pansi itapserera, koma akatswiri a Kroll Ontrack ku America anatulutsamo pafupifupi zonse, ndipo asayansi anamaliza nazo kafukufuku wawo. Nkhaniyo amaikonda chifukwa imasonyeza kuti luso lilipo. Chosowa ndi zida.

Mtsikana uja bambowo anamuuza zoona: diski yake inkafunika kutumizidwa ku malo otero, monga ku Johannesburg, ndipo mtengo wake ukanaposa wa laputopu yomwe anainyamulayo. Kenako anamukhazika pa mpando n'kuyamba kumufunsa modekha. Kodi sanatumizeko chigawo china kwa aphunzitsi ake pa imelo? Nanga mnzake amene anamuwerengera? Nanga zithunzizo, sanazitumizeko pa WhatsApp kwa achibale pa nthawi ya maliro? Anapeza zigawo zitatu mwa zisanu m'foni yake yomwe. Diskiyo anaikulunga m'kathumba, n'kumuuza kuti asaiyatsenso, aisunge pouma kufikira tsiku lomwe adzapeze ndalama. Sanamulipiritse.

Khutu lija likutha ntchito. Malaputopu atsopano amabwera ndi SSD, yopanda mbale, yopanda kamkono, yosalira. Ikafa imangofa, osachenjeza. Fayilo ikafufutidwa, lamulo lotchedwa TRIM limachititsa kuti malo ake ayeretsedwe posakhalitsa, ndipo PhotoRec amangopeza mbee. Mu ena zosungira zimakhala zowotcheredwa pa bolodi, zosachotseka. Enanso amabwera atakhomedwa ndi BitLocker mwini wake osadziwa, ndipo popanda kiyi ya manambala 48 mmisiri amangoyang'ana. Anyamata ophunzira ntchito akuthamangira kokonza mafoni, komwe ndalama imabwera tsiku lomwelo. Bambowo sawadzudzula. Amangoti malaputopu akale ochokera kunja akadali ambiri m'masukulu ndi m'maofesi, ndiye ntchito ilipobe kwa zaka zingapo.

Tsiku lomaliza ndinaona shelefu yomwe poyamba sindinaiike kumtima. Panali ma hard disk oposa makumi awiri, iliyonse ili ndi kapepala komatidwa ndi selotepi, polembedwa dzina ndi tsiku. Ena mwa masikuwo anali a zaka zitatu zapitazo. Ndi za anthu omwe mafayilo awo anapulumuka koma sanabwerenso, mwina ndalama inavuta, mwina anasamuka. Ndinafunsa chifukwa chake samazifufuta n'kuzigulitsa, pakuti ogula alipo. Anatenga imodzi, anapukuta fumbi ndi chala, n'kuwerenga dzinalo chamumtima.

"Muli zithunzi za mwana wobadwa kumene umu," anatero. "Pano ayenera kuti wayamba sukulu ya mkaka."

Anaibwezera pamalo pake, n'kutembenukira ku sikirini komwe diski ya munthu wina inali pa 94 peresenti kuyambira m'mawa.